Sholes, munthu amene anasanja zilembo za pa foni yanu

Mwaphunzira kuti zilembo zimayamba ndi A, B, C. Koma mukatenga foni yokhudza pagalasi kuti mulembe uthenga, mzere wapamwamba ukuyamba ndi Q, W, E, R, T, Y. Nanga A wapita kuti? Musadzikayikire, simunaiwale ai. Kasanjidwe kameneka kanayamba ndi Christopher Latham Sholes.

Sholes anabadwa mu 1819 ku Pennsylvania, m'dziko la America. Ali mnyamata anaphunzira nchito yosindikiza. Atasamukira ku Wisconsin anakhala mkonzi wa nyuzipepala. Analowanso m'nyumba ya malamulo ya cigawoco, ndipo anatsutsa cilango ca imfa.

Mu mzinda wa Milwaukee, iye ndi Samuel Soule anapanga makina oika manambala pa masamba a mabuku. Mnzawo Carlos Glidden anaganiza kuti makina otere angathe kulembanso mawu. Atatuwa anayesa, ndipo mu 1868 boma linawapatsa cikalata ca umwini wa makina otaipira.

Makina oyambawo anali ndi mabatani onga a piyano, zilembo zikutsatana monga munaziphunzirira. Munthu akadina batani, kacitsulo kokhala ndi cilembo kunsonga kankamenya pepala. Koma akafulumira, tizitsulo toyandikana tinkakolana. Basi nchito yaima! Kwa zaka zingapo Sholes ankangosuntha zilembo, kuyesa, n'kusunthanso. Ambiri amati ankafuna kutalikitsa zilembo zimene zimatsatana kawirikawiri m'Cingerezi.

Mu 1873 kampani ya Remington, yopanga mfuti ndi makina osokera, inavomera kupanga makinawa. Anayamba kugulitsidwa mu 1874, ndipo ankalemba zilembo zazikulu zokhazokha. Sholes anagulitsa gawo lake, motero cuma cambiri cinapita kwa ena. Anamwalira mu 1890 ku Milwaukee, atadwala cifuwa cacikulu kwa nthawi yaitali.

Tizitsulo tija kulibenso, koma anthu anali atazolowera kale. N'cifukwa cake kasanjidweka kanalowa mu kompyuta. Pa kompyuta mumalemba ndi kiyibodi, n'kuloza ndi mausi. Pa foni cala canu cimagwira nchito zonse ziwiri.

Sholes sankaganiza za Cinyanja, conco phunzirani malo a zilembo zimene timalemba kawirikawiri. A ali koyambirira kwa mzere wapakati. N ndi M ali kumapeto kwa mzere wapansi. Yambani ndi kulemba dzina lanu lero, mawa cala cidzakumbukira cokha.