MBIRI YA EIJI SAWAMURA, WOPONYA MPIRA WA KU JAPAN

Chaka ndi chaka, nyengo ya masewera a baseball ikatha m'dziko la Japan, akuluakulu a masewerawo amakhala pansi nasankha woponya mpira amene wapambana anzake onse, nampatsa mphotho yotchedwa Sawamura Award. Zaka zina, akaona kuti palibe woyenera, mphothoyo imangosungidwa. Mwini dzinalo sanaione, pakuti inayamba mu 1947, iye atamira kale m'nyanja pa nkhondo ali ndi zaka 27 zokha. Mbiri yake iyenera kudziwika kwa aphunzitsi ndi kwa onse ogwira ntchito za Boma, chifukwa ionetsa chimene chingagwere mwana wa sukulu pamene luso lake lifunidwa ndi akuluakulu ambiri, yense ndi cholinga chakechake.

MASEWERA A ANA A SUKULU

Poyamba tifotokoze pang'ono za masewerawa, popeza awerengi ambiri sanawaone. Baseball ifanako ndi kiriketi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 9. Woponya amaima patali mayadi 20 kuchokera pamene pali womenya, naponya mpira wolimba, ndipo womenyayo ayenera kuumenya ndi chibonga nathamanga kuzungulira malo anayi. Akafika pamene anayambira, timu yake yapeza chigoli chimodzi. Koma akalephera katatu kumenya mpira woponyedwa bwino, watuluka. Masewera amakhala ndi zigawo 9, ndipo palibe munthu amene amathodwa m'zigawo zonsezo koposa woponya.

Masewerawa analowa m'Japan kudzera m'sukulu. Anawabweretsa ndi mphunzitsi wa ku America, Horace Wilson, amene anayamba kuphunzitsa ophunzira ake ku Tokyo mu 1872. Mu 1915 nyuzipepala ya Asahi inakhazikitsa mpikisano wa sukulu zasekondale za dziko lonse, ndipo mu 1924 nyuzipepala ya Mainichi inayambitsa wina wa kumayambiriro a chaka. Chaka chomwecho kunatsegulidwa bwalo lalikulu la Koshien, mumzinda wa Nishinomiya, kumene mipikisano iwiriyi imachitikira. Masiku amenewo anthu a ku Japan ankaona baseball monga gawo la maphunziro, njira yophunzitsira anyamata kupirira ndi kumvera. Ulemu wonse unali kwa osewera a m'sukulu ndi a m'mayunivesite, ndipo munthu wosewera kuti alandire malipiro ankayesedwa wopanda pake.

Eiji Sawamura anabadwa pa 1 Febuluwale 1917 mumzinda wa Ujiyamada, umene tsopano umatchedwa Ise, m'chigawo cha Mie. Anali mwana wamwamuna woyamba wa munthu wogulitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso. Atatsiriza pulayimale anapita kukaphunzira ku sukulu ya zamalonda ya ku Kyoto, ndipo kumeneko mkono wake unadziwika msanga. Ankakweza mwendo wakumanzere m'mwamba asanaponye, mpira wake unali wa liwiro loopsa, ndiponso anali ndi kaponyedwe kena kamene kankachititsa mpira kugwa mwadzidzidzi pamaso pa womenya. Anafika ndi sukulu yake ku Koshien katatu, mu 1933 ndi mu 1934, ndipo chiyembekezo chinali chakuti akatsiriza adzalowa yunivesite ya Keio.

TSIKU LA KU SHIZUOKA

Mu 1934 mwini nyuzipepala ya Yomiuri, Bambo Matsutaro Shoriki, anaitana akatswiri a ku America kuti adzasewere m'Japan. Cholinga chawo chinali chakuti nyuzipepala yawo igulidwe kwambiri, pakuti Asahi ndi Mainichi anali atatenga kale mipikisano ya sukulu. Koma panali chopinga. Mu 1932 Unduna wa Maphunziro unali utaika lamulo lolongosola masewera a baseball, ndipo lamulolo linaletsa ophunzira kusewera ndi anthu olipidwa. Tsono mnyamata aliyense wofuna kukumana ndi alendowo anayenera kuyamba wasiya sukulu. Sawamura, pokhala ndi zaka 17, anasiya. Olemba mbiri yake amanena kuti banja lake linalonjezedwa kuti mwanayo adzasamalidwa moyo wake wonse.

Alendo anafika mu Novembala motsogozedwa ndi Bambo Connie Mack, ndipo pakati pawo panali Babe Ruth, Lou Gehrig, Jimmie Foxx ndi Charlie Gehringer, amuna amene mayina awo ankadziwika ngakhale kwa ana a m'midzi ya ku Japan. Anagonjetsa timu ya Japan pa masewera onse, kawirikawiri ndi zigoli zochuluka. Koma pa 20 Novembala, pa bwalo la Kusanagi ku Shizuoka, zinthu zinayenda mwina. Mnyamata uja anatulutsa Gehringer, Ruth, Gehrig ndi Foxx motsatizana, natulutsa omenya 9 tsiku limenelo. Zigawo zisanu ndi chimodzi zinapita popanda chigoli. M'gawo la 7 Gehrig anamenya mpira nautulutsa kunja kwa mpanda, ndipo chimenecho ndicho chinali chigoli chokha: America 1, Japan 0.

Kunena zoona, pa masewera ena a ulendowo alendo anaumenya mpira wa Sawamura mopanda chifundo. Komabe tsiku limodzi lija linakwanira. Anthu a ku Japan anaona kuti mwana wawo angathe kuima pamaso pa akatswiri a dziko limene linayambitsa masewerawo, ndipo Bambo Shoriki anaona kuti anthu angalipire ndalama kudzaonerera. Pa 26 Disembala 1934 osewera a timu ija anasonkhanitsidwa kukhala kalabu yolipidwa, imene pambuyo pake inatchedwa Tokyo Giants. Si onse anakondwera. Mu Febuluwale 1935 munthu wina wa gulu lodana ndi zachilendo anatema Bambo Shoriki ndi lupanga, koma iwo anapulumuka. Chaka chomwecho kalabuyo inapita ku America, nisewera masewera oposa 100, Sawamura ali woponya wake wamkulu.

NYENGO YOYAMBA, 1936

Pa 5 Febuluwale 1936 kunakhazikitsidwa bungwe la matimu olipidwa, ndipo matimuwo anali 7, ambiri a iwo a makampani a nyuzipepala ndi a njanji. Giants inaphonya masewera oyamba chifukwa inali pa ulendo wachiwiri ku America, ndipo itabwerera siinachite bwino pa masewera a mu Julayi. Pamenepo mtsogoleri wake, Bambo Sadayoshi Fujimoto, anatengera osewera ku Morinji, m'chigawo cha Gunma, nawagwiritsa zolimbitsa thupi zowawa mwezi wa Seputembala. Zipatso zake sizinachedwe. Pa 25 Seputembala, pa bwalo lomwe lija la Koshien pamene ankasewera ali mwana wa sukulu, Sawamura anaponya zigawo zonse 9 polimbana ndi Osaka Tigers popanda womenya ndi mmodzi yemwe kumenya mpira womufikitsa pa malo oyamba. Chimenechi a masewerawa amachitcha no-hitter, ndipo chinali choyamba m'mbiri ya matimu olipidwa a ku Japan.

M'gawo lotsiriza la nyengoyo anapambana masewera 13 nagonja awiri okha. Giants ndi Tigers anafanana mphamvu, kotero kuti mu Disembala anakumana masiku atatu otsatizana pa bwalo la Susaki ku Tokyo, bwalo la m'mphepete mwa nyanja limene nthawi zina linkalowa madzi nyanja ikadzaza. Sawamura anaponya masiku onse atatu. Giants inapambana kawiri, nikhala timu yoyamba kutenga ukatswiri. Mdani wake wamkulu pabwalo anali Masaru Kageura, womenya wamphamvu wa Tigers, ndipo kulimbana kwa anyamata awiriwa ndiko kunakoka anthu amene kale ankanyoza masewera a malipiro.

Chaka cha 1937 chinaposa pamenepo. M'gawo loyamba la nyengoyo anapambana masewera 24 nagonja 4, ndipo pa zigawo 9 zilizonse adani ankalephera kupeza ngakhale chigoli chimodzi chathunthu, pakuti chiwerengero chake chinali 0.81. Pa 1 Meyi anachitanso no-hitter, polimbana ndi Tigers yomweyo. Iye ndiye anali woyamba kulandira ulemu wa wosewera wopambana onse. Anali ndi zaka 20.

KUITANIDWA KATATU

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Mu Julayi 1937 nkhondo inabuka pakati pa Japan ndi China, ndipo mu Januwale 1938 Sawamura analembedwa usilikali. Apa m'pamene mtengo wa kusiya sukulu unaonekera. Lamulo la nthawiyo linkalola ophunzira a m'mayunivesite kuchedwetsa usilikali, ndipo mwayi umenewo unakhalapo mpaka 1943. Akadalowa ku Keio, zaka zimenezo akadakhala m'kalasi. Koma pamaso pa Boma iye anali mnyamata wamba wa thupi lolimba.

Ku China anampatsa ntchito yoponya mabomba a m'manja, popeza ankawafikitsa kutali koposa anzake. Bomba lotere limalemera kuposa mpira wa baseball katatu, ndipo phewa lake linawonongeka. Analasidwanso ndi chipolopolo pa dzanja lamanzere, nadwala malungo. Atabwerera mu 1940 sanathenso kuponya mkono uli m'mwamba, tsono anaphunzira kuponyera cham'mbali, kudalira nzeru m'malo mwa liwiro. Ngakhale zinali choncho, pa 6 Julayi 1940 anachita no-hitter yachitatu polimbana ndi timu ya Nagoya.

Kumapeto a 1941 anaitanidwa kachiwiri natumizidwa ku Philippines. Pobwerako mu 1943 anapeza masewera atasinthika. Mipikisano ya sukulu ya ku Koshien inali itaima, matimu anali atasiya mayina a Chingerezi, ndipo mawu a Chingerezi a pabwalo anali ataletsedwa chifukwa anali chinenero cha adani. Iyenso anali atasinthika. Mkono unali utatha, mpira sunkapita kumene ankaufuna, ndipo chaka chimenecho sanapambane ngakhale kamodzi, koma anagonja katatu. Nyengo ya 1944 isanayambe, Giants inamchotsa ntchito. Lonjezo lija la moyo wonse linatha zaka 10 zisanakwane, ndipo munthuyo analibe setifiketi ya sukulu yoti n'kuyambira nayo moyo wina.

Mu Okutobala 1944 kalata ya usilikali inafika kachitatu. Anasiya mkazi ndi mwana wamkazi wakhanda, nakwera sitima yapamadzi yonyamula asilikali kunka ku Philippines. Pa 2 Disembala 1944 sitimayo inamizidwa kufupi ndi chilumba cha Yakushima ndi sitima ya pansi pa madzi ya America yotchedwa Sea Devil. Masewera a matimu olipidwa anali ataimitsidwa mwezi wa Novembala. Kageura nayenso anafera ku Philippines mu 1945.

ULEMU WOCHEDWA

Pa zaka zonse zimene anasewera, Sawamura anapambana masewera 63 nagonja 22, natulutsa omenya 554. Ziwerengerozi n'zochepa poyerekeza ndi za oponya amene anadza pambuyo pake, chifukwa nkhondo inadya zaka zake zabwino. Mtendere utabwera, ulemu unadza wochuluka. Mu 1947 Giants inalamula kuti nambala 14 imene ankavala isavalidwenso ndi wosewera wake wina aliyense, ndipo chaka chomwecho mphotho ija inaperekedwa koyamba kwa Takehiko Bessho. Mu 1959 dzina lake linali pakati pa mayina oyamba kulowa m'nyumba yokumbukira akatswiri a baseball a ku Japan. Pa bwalo la Kusanagi pali zifanizo ziwiri zoyang'anizana, cha iye ndi cha Babe Ruth. Oponya otchuka a m'zaka zapambuyo, monga Hideo Nomo mu 1990, Yu Darvish mu 2007 ndi Yoshinobu Yamamoto kuyambira 2021 mpaka 2023, onse analandira mphotho ya dzina lake asanapite kukasewera ku America.

Tikaiyang'ana bwino mbiriyi, tiona kuti aliyense anatengapo chake. Sukulu inatchuka, nyuzipepala inapeza owerenga, kalabu inapeza ukatswiri woyamba, ndipo ankhondo anapeza woponya mabomba. Amene analemba lamulo la 1932 ankafuna kuteteza ophunzira ku malonda a masewera, koma kwa mnyamata uyu lamulolo linasanduka khomo lotulukira m'sukulu, pakuti silinamsiyire njira yochitira zonse ziwiri. Mphunzitsi amene ali ndi mwana waluso m'kalasi mwake, ndi wa m'ofesi amene amalemba malamulo okhudza ana otere, angachite bwino kufunsa pasadakhale kuti mwanayo adzatsamira chiyani tsiku limene mkono udzaleka. Sawamura anafika pa tsiku limenelo ali ndi zaka 26, ndipo zonse zimene dziko lake linamchitira pomthokoza zinadza iye kulibe.