Shehe Rifa'a al-Tahtawi: imamu amene anayambiranso pa zilembo

Chaka ndi chaka mabanja ena a kuno kunyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, amaperekeza ana awo amene apeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Cairo kapena Madina. Timasonkherana ndalama za pasipoti, timagula sutikesi, timawapangira dua. Koma nkhani ya chiyankhulo chimene akaphunziremo timaisiya, n'kumati akaiona konko. Moyo wa Shehe Rifa'a al-Tahtawi wa ku Egypt ukutionetsa nthawi imene imatayika munthu akatero, komanso zimene iwo anachita kuti obwera m'mbuyo mwawo asaitayenso.

Shehe Tahtawi anabadwa m'chaka cha 1801 m'tauni ya Tahta, kummwera kwa Egypt, m'banja lodziwika ndi maphunziro a chipembedzo. Ali mwana, banjalo linasauka pamene wolamulira dzikolo, Muhammad Ali, analanda minda imene mabanja otere ankadalira. Mnyamatayo analoweza Qur'an yonse, ndipo mu 1817 analowa sukulu ya ukachenjede ya al-Azhar ku Cairo. Kumeneko anakumana ndi Shehe Hasan al-Attar, mphunzitsi amene anadziwanapo ndi akatswiri a ku France pa nthawi imene asilikali a Napoleon analanda Egypt, kuyambira 1798 mpaka 1801. Mphunzitsiyu ankakhulupirira kuti Asilamu ayenera kudziwa jogalafe, mbiri ndi sayansi pamodzi ndi Fiqh ndi Hadith.

Atamaliza maphunziro, Shehe Tahtawi anaphunzitsako pa al-Azhar pomwepo, kenako mu 1824 anakhala imamu wa gulu lina la asilikali. Mu 1826 Muhammad Ali anatumiza anyamata oposa 40 ku Paris kuti akaphunzire za zomangamanga, zausilikali, zachipatala ndi kayendetsedwe ka boma. Gululo linafunika imamu wotsogolera Swala ndi kulangiza anyamatawo, ndipo Shehe al-Attar anatchula dzina la wophunzira wawo uja. Anawalangizanso kuti azikalemba zonse zimene akaone.

Apa m'pamene pagona phunziro loyamba. Munthuyu anali ndi zaka 24, anali kale shehe wa al-Azhar, ndipo ntchito imene anamutumira sinkafuna Chifalansa. Komabe anazindikira kuti wokhala m'dziko la eni osamva chiyankhulo chawo amangoona milomo ikugwedera. Sanadikire kufika ku Paris. Sitima yawo yapamadzi, imene inanyamuka ku Alexandria, inayenda koposa mwezi, ndipo itakocheza ku Marseille onse anawatsekera kwaokha masiku 18 poopa matenda opatsirana. Pa nthawi imene gululo linali mumzindawo, Shehe anakhala pansi pamodzi ndi anyamata amene ankapemphera kumbuyo kwawo, n'kuyamba kuphunzira zilembo za Chifalansa ngati mwana wa sitandade 1.

Ku Paris gululo linkayang'aniridwa ndi Edme-François Jomard, katswiri wa jogalafe. Poyamba onse anawaika m'nyumba imodzi. Zotsatira zake tingazizindikire: akatuluka m'kalasi ankabwerera ku ziyankhulo zakwawo, ndipo Chifalansa chinkayenda pang'onopang'ono. Patatha pafupifupi chaka, anawamwaza m'masukulu ogonera komweko osiyanasiyana kuti azikhala pakati pa eni chiyankhulo. Malipoti a wophunzira aliyense ankatumizidwa ku Egypt mwezi ndi mwezi, ndipo Muhammad Ali ankalemba makalata odzudzula ochedwa. Boma linatuma anthu kukaphunzira ntchito, koma chaka choyamba chinathera pa chiyankhulo.

Shehe Tahtawi analimbikira koposa. Gawo la ndalama zawo za m'thumba ankagulira mabuku ndi kulipira mphunzitsi wapadera. Ankawerenga usiku mpaka diso lakumanzere linayamba kuvuta, ndipo ngakhale dokotala anawaletsa, sanaleke. Anawerenga mbiri, jogalafe, masamu ndi mabuku a Montesquieu, Voltaire ndi Rousseau. Pa mayeso omaliza mu 1830 anapereka zolemba 12 zimene anamasulira kuchoka m'Chifalansa kupita m'Chiarabu. Chaka chomwecho anaona ndi maso awo anthu a ku Paris akugwetsa mfumu Charles X.

Makolo ambiri timaopa kuti mwana akameza chiyankhulo cha eni adzamezanso zonse za eni. Shehe Tahtawi anabwerera kwawo mu 1831 ali Msilamu monga anapitira. Buku lawo la ulendowu, Takhlis al-Ibriz, limene linasindikizidwa ku Bulaq mu 1834, likuyamikira ukhondo, khama pa ntchito, manyuzipepala ndi malamulo omanga ngakhale mfumu, koma likudzudzula kuchepa kwa chikhulupiriro ndi makhalidwe ena amene anawaona. Anatha kusankha chifukwa ankamva okha zimene zikunenedwa, popanda wowamasulira.

Phunziro lachiwiri ndi zimene anachita atabwerera. Mu 1835 kunatsegulidwa sukulu ya ziyankhulo ku Cairo, imene inadziwika kuti Madrasat al-Alsun, ndipo iwo anaitsogolera. Anyamata ankaphunzira Chifalansa pamodzi ndi Chiarabu chozama ali kwawo komweko, ndipo anamasulira mabuku ambiri a mbiri, masamu, zachipatala ndi zausilikali. Shehe anaona kuti womasulira wosadziwa bwino chiyankhulo chake alibe moikamo zimene watenga kunja.

Njira yawo sinali yosalala. Abbas atalowa pampando, sukuluyo inatsekedwa, ndipo mu 1850 Shehe anatumizidwa ku Khartoum kukayendetsa sukulu ya pulayimale, kumene kunali ngati kuwapitikitsa. Anzawo ena anamwalira komweko. Iwo sanasiye cholembera: anamasulira buku la Fénelon lotchedwa Télémaque, limene limakamba za mafumu olungama ndi opondereza. Anabwerera mu 1854 Abbas atamwalira. Mu ulamuliro wa Ismail anatsogolera ntchito yomasulira malamulo a ku France, anakhala mkonzi wa magazini ya ophunzira ya Rawdat al-Madaris kuyambira 1870, ndipo analemba al-Murshid al-Amin, buku lolimbikitsa kuti atsikana aziphunzira monga anyamata. Analembanso mbiri ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Anamwalira ku Cairo mu 1873. Dzina la al-Alsun lilipobe lero ngati nthambi ya ziyankhulo pa yunivesite ya Ain Shams.

Ana athu amene akupita kumayiko a Chiarabu amakumana ndi zomwezi motembenuza. Kuwerenga Qur'an bwino kumadrasa n'kosiyana ndi kumva mphunzitsi akufotokoza phunziro m'Chiarabu kapena kulemba mayeso m'chiyankhulocho. N'chifukwa chake mayunivesite monga ya Madina ali ndi sukulu yapadera ya Chiarabu, imene mlendo angakhalemo mpaka zaka ziwiri asanayambe digiri. Kalata yoitana mwana ikafika, miyezi yodikira viza isangothera pa kutsanzika abale. Timupezere shehe wodziwa Nahw ndi Sarf, aziyankhula naye tsiku lililonse, ndipo tifunsiretu ngati maphunziro amene wachita kale kuno akawerengedwe kumeneko. Akakafika, asakangodzipanikiza m'chipinda cha Amalawi okhaokha. Shehe Tahtawi anayamba zilembo atachoka kale kwawo chifukwa panalibe wowaphunzitsa asananyamuke. Ife aphunzitsi tili nawo m'mizikiti yathu momwemu.