Bruce Lee, Katswiri Amene Sadataye Mtima

M'nyumba zoonetseramo kanema pa Balaka, pa Liwonde ndi pa Ntaja, achinyamata amatsutsana kawirikawiri za katswiri wa nkhonya woposa onse. Ena amatchula Jet Li, ena Donnie Yen, koma akuluakulu saiwala dzina la Bruce Lee.

Munthuyu adabadwira ku San Francisco m'chaka cha 1940, nakulira ku Hong Kong, kumene adaphunzira luso la Wing Chun kwa mphunzitsi Ip Man. Atabwerera ku America mu 1959, adagwira ntchito yoperekera zakudya ku Seattle, kenaka nalowa yunivesite ya Washington. Ku Hollywood ankangompatsa mbali zothandizira ena, monga ya Kato, pakuti eni makampani sankakhulupirira kuti Mtchaina angatsogolere filimu. Iye sadataye mtima. Adapitanso ku Hong Kong, nasewera The Big Boss mu 1971, ndi Fist of Fury mu 1972. Adamwalira pa 20 Julaye 1973 ali ndi zaka 32 zokha, ndipo Enter the Dragon idatuluka mwiniwake atapita kale.

Masiku ano makompyuta amaulutsa munthu m'mwamba mosavuta, pamene liwiro la Lee lidachokera m'thukuta la tsiku ndi tsiku. Owerenga amene mudaonera Ip Man ya 2008, funafunani Fist of Fury. Mafilimu onsewa akusimba za Mtchaina wokana kunyozedwa ndi Ajapani, muwayerekeze nokha.