Daniel Kachamba, katswiri wa gitala wa ku Singano

Mukakwera basi pa Moatize n'kuoloka malire pa Zóbuè, msewu umakufikitsani ku Blantyre. Kufupi ndi mzindawu kuli Chileka, ndipo kumeneko kuli mudzi wa Singano, kwawo kwa Daniel Kachamba. Anabadwa mu 1947.

Ali mwana, banja lawo linakakhala ku Salisbury, komwe lero timati Harare. Kumeneko anamva kwela, nyimbo za anyamata a m'misewu ya Johannesburg zoimba ndi kacitoliro kacitsulo. Zinkafika pa mbale za galamafoni. Atabwerera kumudzi, iye ndi mng'ono wake Donald anayamba kuziimba mwa njira yawoyawo: Donald pa citoliro, Daniel pa gitala, mnzawo pa besi ya cingwe cimodzi yokhoma okha.

Koma gitala yakeyo, abale! Nsambo ankazikunga m'njira zingapo, malinga ndi nyimbo. Cala cacikulu cinkagunda nsambo za mawu aakulu, cala cina n'kumayendetsa nyimbo pamwamba. Mukamva osamuona, mungalumbire kuti akuimba anthu awiri. Ankasakaniza kwela, sinjonjo ndi rumba ya ku Congo, mawu ake n'kukhala Cinyanja comwe mumayankhula inuci.

Mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza nyimbo wa ku Austria, anawapeza akuimba ku Blantyre, ndipo anawajambula pa tepi ndi pa filimu. Zojambulazo zinawadziwitsa kutali, moti mu 1972 anakaimba ku Germany.

Daniel anamwalira mu 1987, ali ndi zaka pafupifupi 40 basi. Donald anapitiriza kuimba kwela mpaka imfa yake mu 2001.