Salim bin Abdullah, Jumbe Woyamba wa ku Nkhotakota, ndi Mpunga wa M'mbale Mwathu

Patchuthi chachitali cha chaka changa chachiwiri kusukulu ya ukachenjede, ndinapeza ganyu yoperekera zakudya pamalo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja kwathu ku Nkhotakota. Sabata yoyamba bwana wa pamalopo anatisonkhanitsa tonse operekera zakudya, natiikira matambula anayi patebulo kuti atiphunzitse kulawa vinyo. Anatiuza kuti tiyambe taununkhiza, kenaka tiuzunguze m'tambulamo, tipsontheko pang'ono ndi kuusunga m'kamwa tisanameze. Woyamba unali woyera wochokera ku Stellenbosch m'dziko la South Africa. Unali wowawasa pang'ono, ndipo anati umayenda ndi chambo chowotcha poti kuwawasako kumadula mafuta a nsomba monga amachitira madzi a ndimu. Wachiwiri unali wofiira, wouma m'kamwa ngati nthochi yosapsa, ndipo malo ake ndi pa nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi. Wachitatu unali wotsekemera wa ku Portugal, womwera pamapeto pa chakudya. Womaliza unali wa konkuno, wa dzina loti Linga, wopangidwa ku Lilongwe kuchokera ku jambula.

Phunziro lalikulu la tsikulo linali loti botolo lililonse lili ndi kwawo, ndipo woperekera chakudya ayenera kudziwa kumene chilichonse chachokera. Patapita masiku owerengeka, mlendo wina atadya chambo ndi mpunga wa faya anandifunsa chiyambi cha mpunga wonunkhirawo. Ine mosakayika ndinamuyankha kuti ndi mbewu ya makolo athu Achewa kuyambira kalekale. Madzulo nditawafotokozera agogo anga aakazi, iwo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anandiuza kuti ndamunamiza mlendo, chifukwa kwathu kuno aliyense wamkulu amadziwa kuti mpunga umenewu ndi wa Jumbe. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anandichititsa kufufuza mbiri ya munthu ameneyu.

Dzina lake linali Salim bin Abdullah. Anali Msilamu wochokera ku Zanzibar, wa magazi osakanikirana a Chiluya ndi a Chiafrika, ndipo chiyankhulo chake chinali Chiswahili. Asanafike kuno anachitapo malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ku Tabora ndi ku Ujiji, madera amene lero ali m'dziko la Tanzania. Nthawi imeneyo Sultan Seyyid Said anali atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar, ndipo minda ya zonunkhiritsa zakudya pachilumbacho inkafuna antchito ambiri osalipidwa. Ku Ulaya, ku India ndi ku America nako minyanga inali pamtengo. Amalonda a kugombe anayamba kulowerera kumtunda kufunafuna katundu wa mitundu iwiriyi, ndipo m'zaka za m'ma 1840 Salim anatulukira ku Nkhotakota.

Sanafike ngati wankhondo. Anapempha malo kwa mfumu ya Achewa, Malenga Chanzi, ndipo anapatsidwa. Diso lake linaona chimene eni nthaka ankachitenga ngati chinthu wamba: gombe la Nkhotakota ndi lotetezedwa ndi mchenga wotalika umene umatchinga mafunde a mwera, choncho zombo zikhoza kukocheza mosavuta. Anakhoma zombo zoyendera mphepo, zimene zinkawoloka nyanja kupita ku Losefa, tsidya la kum'mawa. Kuchokera kumeneko katundu ankayenda pamitu ya anthu kudutsa m'dziko la Ayao mpaka ku Kilwa, ulendo wa miyezi ingapo. Pobwerera zombozo zinkabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Iye anatenga dzina laulemu loti Jumbe, mawu a Chiswahili otanthauza mfumu kapena mkulu wa mudzi, ndipo ankadzitcha nthumwi ya Sultan wa ku Zanzibar.

Mphamvu zake zinakula chifukwa cha mantha a anthu. M'zaka zimenezo Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndipo Jumbe anali ndi mfuti zambiri. Mabanja ambiri anathawira kwa iye nakamanga pafupi ndi mpanda wake. Mpaka lero dera lakale la tawuni yathu timalitcha Linga. Mlendo amene anapempha malo uja anasanduka mwini mphamvu, ndipo mafumu amene anamulandira anayamba kudalira chitetezo chake. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka mlendo ameneyu kanameta ndi kucheka komwe.

Umboni wa munthu amene anamuona maso ndi maso tikuupeza m'zolemba za David Livingstone. Mu September 1863 Livingstone anafika ku Nkhotakota wapansi napumula pansi pa mkuyu waukulu, umene anthu amauonetsa kwa alendo mpaka pano. Analemba kuti mkulu wa Aluya pamalopo, amene iye anamutchula kuti Juma ben Saidi ndipo olemba mbiri ena amati ndi Jumbe yemweyu, anabwera kudzamulonjera. Anamupatsa mpunga, ufa, nzimbe ndi mwala wobiriwira wa mkuwa. Mphatso zimenezi zikutiuza zambiri. Mpunga ukusonyeza kuti pofika chaka chimenecho mbewuyi inali kale chakudya cholandirira alendo olemekezeka ku Nkhotakota. Mwala wa mkuwawo ukusonyeza kutalika kwa mkono wa malonda ake, poti miyala yotere inkachokera kutali kumadzulo, cha ku Katanga. Pa ulendo womwewo Livingstone anaona amisiri akukhoma chombo chatsopano cholowa m'malo mwa china chimene chinasweka, ndipo ntchito ya chombocho inali kuwolotsa akapolo. Anabwerezanso chiwerengero cha kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, choti akapolo 19,000 ochokera m'dera lozungulira nyanja yathu ankadutsa padoko la Zanzibar chaka chilichonse. Si onse amene anadzera kwa Jumbe, koma Nkhotakota linali limodzi mwa makomo aakulu otulukira anthuwo.

Apa m'pamene nkhani ya mpunga imayamba kuwawa. Jumbe sanalimbikitse ulimi wa mpunga pofuna kutukula Achewa. Iye ndi anzake a kugombe anakulira mpunga, ndipo nsima sinali chakudya chawo. Kuonjezera apo, mudzi umene ukulandira amalonda, asilikali, amalinyero ndi magulu a anthu odikira kuwolotsedwa umafuna chakudya chambiri chosungika nthawi yaitali. Madambo a m'mbali mwa Kaombe, Bua ndi Chia anali ndi madzi ndi dothi loyenera, ndipo manja olima anali ambiri, ena a othawa nkhondo, ena a akapolo. Iye ndi omutsatira ndiwonso amatchulidwa kuti anabweretsa mitengo ya ngole imene imakongoletsa gombe lathu. Agogo anga amati agogo awo aakazi anafika ku Linga ali mtsikana, kuthawa Angoni, ndipo anakalamba akupalira mpunga m'madambo a Jumbe. Mchimwene wa mtsikanayo anakwezedwa chombo ndipo sanamvekenso. Banja lathu limodzi lomweli linapulumutsidwa ndi kuberedwa ndi munthu mmodzi.

Salim atamwalira, ufumu wake unapita kwa Mwinyi Mguzo, kenaka kwa Tawakali Sudi. Wachitatuyu ndiye anachita pangano ndi Harry Johnston mu 1889, navomera chitetezo cha Britain posinthana ndi ndalama zolandira chaka ndi chaka. Iye anamwalira mu 1894, chaka chomwe amishoni a UMCA anatsegula malo awo ku Nkhotakota. Jumbe wachinayi, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse pampando: boma la atsamunda linamuchotsa ndi kumutumiza ku Zanzibar. Ufumu umene Salim anauyambitsa unatha patangopita zaka pafupifupi makumi asanu. Chisilamu, mpunga ndi ngole zinatsala.

Monga wophunzira za ziyankhulo, ndaona kuti mbiri imeneyi yatsalanso m'mawu amene timatchula pakudya. Mandasi amene timamwera tiyi m'mawa ndi mandazi a Chiswahili. Futali, mbatata kapena chinangwa chotendera nsinjiro, akufanana dzina ndi futari, chakudya chimene Aswahili amamasulira kusala m'mwezi wa Ramadan. Sadaka, phwando lokumbukira womwalira, ndi mawu ochokera ku Chiluya otanthauza chopereka, ndipo mzikiti ndi msikiti wa Chiswahili. Sindikunena kuti mawu onsewa anadza ndi Salim yekha, poti Ayao nawonso ankayenda kugombe, koma onse anadzera njira ya kum'mawa imene iye anaikulitsa. Chochititsa chidwi n'chakuti mawu a zakumwa zoledzeretsa anadzera njira ina. Vinyo ndi vinho wa Chipwitikizi, ndipo kachasu ndi cachaça. Awa anakwera ndi mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, kumene Apwitikizi nawonso ankagula anthu. Pamkeka pa Jumbe, pokhala Msilamu, vinyo analibe malo. Choncho pamene ndinkaika mbale ya mpunga wa faya pambali pa tambula ya vinyo, ndinkakumanitsa patebulo limodzi njira ziwiri zamalonda zimene zinadya makolo athu, ina ya kum'mawa, ina ya kumwera.

Kugwirizanitsa chakumwa ndi chakudya si nzeru ya azungu okha. Kwathu kondowole amafuna usipa kapena kampango wa msuzi wambiri, ndipo mpasa wa mu Bua amakoma ndi mpunga. Thobwa wa mawere amamwedwa kumunda dzuwa likatentha, ndipo pamwambo wa Asilamu mpunga ndi nyama ya mbuzi zimatsatiridwa ndi thobwa kapena tiyi. Agogo anga akanunkhiza mpunga uli pamoto amatha kunena ngati ndi faya wa kwathu kapena kilombero wa ku Karonga. Luso lawo silisiyana ndi la bwana uja amene ankazindikira vinyo ndi mphuno. Kusiyana kwake n'kwakuti pabotolo pamalembedwa dzina la munda ndi chaka, pamene pathumba la mpunga wathu sipalembedwa za anthu amene anayamba kuswa mphanje m'madambo aja.

Ku Nkhotakota dzina la Jumbe limagawanitsa anthu. Ena amamukumbukira ngati tate wa chipembedzo chawo ndiponso woyambitsa tawuni. Ena akangomva dzinali amaona magoli ndi zombo. Ine ndinakulira pakati pa magulu onse awiri, ndipo mbali ya bambo anga ndi Asilamu pamene ya mayi anga ndi a Anglican. Sindingamutame munthu amene anagulitsa mchimwene wa gogo wanga, komanso sindingakane kuti mpunga umene bambo anga amagulitsa kuti andilipirire sukulu unakhazikika kuno chifukwa cha iye.

Tchuthi chisanathe mlendo wina anandifunsanso funso lomwe lija. Ulendo uno ndinaika botolo pansi, ndinamuuza za Salim bin Abdullah, za zombo zopita ku Losefa ndi za mtsikana amene anakalambira m'dambo. Mlendoyo anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anandipempha kuti m'mawa mwake ndikamusonyeze mkuyu uja.