Mbiri ya Mbusa Thomas Branch wa ku Malamulo

Abale athu amene muthyola tiyi ku Makwasa ndi m'minda yina ya ku Thyolo, nonsenu mudziwa Malamulo, pakuti ena a inu munabadwira m'cipatala cace, ndi ena munaphunzira kuwerenga m'sukulu zace. Koma tikafunsa dzina la munthu amene anasunga malowo m'zaka zoyamba, cipatala cisanamangidwe, ndi tiyi asanaphimbe mapiri aja, ambiri akhala cete. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kukumbutsana za Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, amene anakhala pakati pa makolo athu zaka zisanu.

Anabadwa m'caka ca 1856 m'dziko la Missouri, masiku amene anthu akuda kumeneko anali akapolo. Ndipo ukapolo unatha m'caka ca 1865, iye akali mwana. Atakula anakwatira Henrietta Paterson m'caka ca 1876, nakakhala ku Colorado, nagwira nchito pa sitima ya pamtunda. M'caka ca 1892 iye ndi a pa banja lace analowa Mpingo wa Seventh-day Adventist, nayamba kusunga Sabata. Inu amene mulembedwa nchito kwa kapitao mudziwa kulemera kwace kwa cinthu ici. Pakuti munthu waulebala akasankha kupumula tsiku limene anzace agwira, mimba yace ndi ya ana ace ilowa m'mlanduwo.

Tsono kuno kwathu kunali Mngelezi wina, dzina lace Joseph Booth, yemwe uja anayamba misyoni ya ku Mitsidi m'caka ca 1892, napita ndi John Chilembwe ku America m'caka ca 1897. Iyeyu anatsegula misyoni yina ku Thyolo ndi cuma ca a Seventh Day Baptist, naicha Plainfield, kutengera dzina la mudzi wao wa ku New Jersey. Anayembekeza kuti khofi adzadyetsa misyoni. Koma khofi anakanika, ndipo m'caka ca 1902 malowo, monga maekala 2,000, anagulidwa ndi a Adventist. Iwo anatuma Booth yemweyo kubwererako, pamodzi ndi Branch, ndi mkazi wace, ndi ana ao atatu, Mabel ndi anyamata awiri.

Mayesero anayamba asanaponde dziko lino. Atafika pa doko la Chinde, kumene Zambezi atsira m'nyanja yamcere, kazembe wa Angelezi anawatsekereza masiku asanu ndi anai. Mlandu wao unali khungu lao ndi maphunziro ao, popeza Boma linaopa kuti anthu akuda ophunzira ocokera ku America adzatsegula maso a anzao, ndi kuwaphunzitsa kukana Azungu. Taganizani munthu wa zaka 45, wosiya nchito yace ndi kwao cifukwa ca Uthenga Wabwino, alikukhala pa mcenga wa Chinde ngati wakuba. Analindira kufikira anamlola, nakwera mtsinje, nafika ku Plainfield pa 29 August 1902.

Booth sanakhalitse. Anali munthu wa mtima wamoto, wosatha kukhala cete poona malo a anthu alikulandidwa, ndipo sitimnyoza pa ici, pakuti zambiri zimene ananena zinali zoona. Koma iye ndi Branch sanamvane pa mayendetsedwe a nchito, ndipo itapita miyezi ngati isanu ndi umodzi anacoka. M'caka ca 1903 anafika Joseph Watson kudzathandiza. Malungo anamgwira, namwalira caka comweco cisanathe, naikidwa pomwepo pa misyoni. Potero Branch anatsala yekha ndi banja lace, kutali ndi akuru a Mpingo, opanda wina womuona ngati wadzuka kapena wagona.

Apa ndipo tifuna kukhalitsa pang'ono, cifukwa pano pali mtima wa mbiri yace. Zaka zinai zotsatazo mulibe nkhondo, mulibe cozizwa, mulibe ulendo waukuru wakuti ana aziimba. Muli munda wofuna kulimidwa, ndi anyamata ofuna kudya, ndi sukulu yofuna kutsegulidwa m'mawa uli wonse. Mabel anaphunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba. Mai Henrietta, amene anadziwa za kusamala odwala, anathandiza obwera ndi zironda ndi malungo. Ophunzira anagwira khasu nagwiranso buku. Ndipo Lacisanu liri lonse, dzuwa polowa, makasu anaikidwa pansi kufikira litalowanso la Sabata, ngakhale mvula yagwa bwino ndipo udzu ulikupambana cimanga. Anthu a m'midzi sanadziwe Cingelezi ca Branch, koma anatha kuwerenga ici ndi maso ao: kuti munthuyo acita Lacitatu zomwe analalikira pa Sabata, ndi kuti lamulo limene aika pa anyamata ayamba kulisenza yekha.

Tikumbuke kuti kumvera sikunali cinthu cacilendo ku Thyolo masiku aja. Okhala pa malo a Azungu anamvera thangata, nagwira nchito m'malo mwa lendi. Onse anamvera msonkho wa nyumba, umene unali mashilingi 6, koma 3 okha kwa munthu wogwira mwezi kwa Mzungu. Alomwe ofika kucokera ku dziko la Apwitikizi anamvera koposa onse, pokhala opanda malo ao ena. Kumvera kumeneko kunali kwa mantha, ndipo kunatha pamene kapitao wapotoloka. Cimene anthu anaona kwa Branch cinali ca mtundu wina: munthu womvera Mbuye wosaoneka, wopanda cikoti pambuyo pace, m'zinthu zazing'ono zimene palibe akadamfunsa. Ife tiyesa kuti ici cinalalikira koposa maulaliki ace onse.

Zipatso zinacedwa, monga zicedwa nthawi zonse pa nchito yotere. Pa 14 July 1906 anakhazikitsa Mpingo woyamba wa Adventist m'dziko lino. Mwa iwo amene anakopedwa m'zaka zimenezo munali mphunzitsi Morrison Malinki, amene mwana wace James Malinki anadzanka ndi Uthenga ku Congo ndi ku Luwazi, kumpoto kwa dziko lathu.

Koma kukaika kwa Boma sikunathe. Ngakhale Branch sanalowe m'zandale, dzina la Booth linamtsata ngati utsi, ndipo Azungu ena sanakondwe kuona munthu wakuda alikuyang'anira misyoni ya maekala ambiri otere. Pofuna kutonthoza mitima yao, akuru a Mpingo anatuma Mzungu, Joel Rogers, m'caka ca 1907, kuti atenge utsogoleri. Sitidzabisa maganizo athu: cinthu ici sicinali colungama. Munthu amene anapirira malungo, naika mnzace m'manda, nasunga nchito pamene ena anacoka, anayenera ulemu woposa uwu. Ndipo akuru a Mpingo ali anthu, nalakwa monga anthu. Kumvera kwa Branch sikuyeretsa colakwa cao. Koma taonani cimene iye anacita. Anali ndi ophunzira omkonda, ndipo njira yopatuka ndi kuyamba mpingo wace wace inali yotseguka, monga ena anacita m'dziko lino pambuyo pace. Iye anapereka sukulu, ndi munda, ndi Mpingo wace wamng'ono uja m'manja mwa mnzace, zonse zamoyo. Rogers ndiye anasintha dzina la Plainfield caka comweco, naicha misyoniyo Malamulo; koma wophunzitsa anthu a kumeneko tanthauzo la dzinalo anali atayamba kale, dzina lisanabwere.

Banja la Branch linanka ku South Africa, kufuna dziko lopanda malungo ndi sukulu ya anyamata awiri aja. Kumenekonso khungu linawatsekera khomo, pakuti sukulu za Azungu za Mpingo wao womwe sizinalandire anawo. M'caka ca 1908 anabwerera ku America. Munthu wina akadataya cikhulupiriro pamenepo. Iye anagwiranso nchito ya ubusa ku Colorado, ndipo m'caka ca 1911 ananka ku Philadelphia kukasonkhanitsa Mpingo wa anthu akuda. Kumeneko Mai Henrietta anamwalira m'caka ca 1913.

Pamene iye anali kukalamba kutali, mapiri a Thyolo anasandulika. Khofi anatha, tiyi anafalikira. Munda wa Satemwa unayamba m'caka ca 1923, ndipo pambuyo pace ku Malamulo kunadza cipatala, ndi mudzi wosamalira akhate. Thomas Branch sanazione zimenezi. Anamwalira ku Los Angeles pa 6 November 1924, m'nyumba ya Mabel, mwana wace uja anali mphunzitsi woyamba wa ana a ku Malamulo.