Galileo Galilei

Galileo Galilei (15 Febuluwale 1564 – 8 Januwale 1642) anali katswiri wa masamu, fizikisi komanso sayansi ya zakuthambo wa ku Italy. Iye ndi mmodzi mwa anthu oyamba kugwiritsa ntchito telesikopu pofufuza zakuthambo. Anatulukira miyezi inayi ikuluikulu ya pulaneti la Jupiter, anaona mapiri a pamwezi, ndipo anasonyeza kuti pulaneti la Venus limazungulira dzuwa. Mu 1633 khoti la Mpingo wa Katolika linamupeza wolakwa chifukwa choikira kumbuyo mfundo yoti dziko lapansi limazungulira dzuwa, ndipo anakhala pa ukaidi wosachoka panyumba mpaka imfa yake.

Ubwana ndi maphunziro

Galileo anabadwira mumzinda wa Pisa m'chigawo cha Tuscany. Anali woyamba kubadwa m'banja la Vincenzo Galilei ndi Giulia Ammannati. Bambo ake anali woimba ndiponso wolemba mabuku okhudza nyimbo. Banjali linali lolemekezeka koma linalibe chuma. Atasamukira ku Florence, Galileo anakaphunzira kwa amonke a ku Vallombrosa.

Ali ndi zaka pafupifupi 17 analowa yunivesite ya Pisa kukaphunzira udokotala monga momwe bambo ake ankafunira. Kumeneko mtima wake unatengeka ndi masamu, makamaka atakumana ndi mphunzitsi wina dzina lake Ostilio Ricci. Anachoka payunivesiteyo mu 1585 asanalandire digiri, n'kuyamba kuphunzitsa masamu mwa ganyu. Mu 1586 analemba kabuku kofotokoza sikelo yoyezera zitsulo poziviika m'madzi, ndipo kabukuka kanachititsa kuti akatswiri ena amudziwe.

Ntchito ku Pisa ndi ku Padua

Mu 1589 analembedwa ntchito yophunzitsa masamu payunivesite ya Pisa. Bambo ake atamwalira mu 1591, udindo wosamalira banja unagwera iye. Pa mwambo wa ku Italy nthawi imeneyo, banja la mkazi ndi limene linkapereka chuma kwa mwamuna pa ukwati, choncho maukwati a alongo ake awiri anamusiyira ngongole. Mu 1592 anasamukira ku yunivesite ya Padua, yomwe inali pansi pa boma la Venice, ndipo anakhalako zaka 18. Pofuna kuwonjezera ndalama, ankagoneka ophunzira kunyumba kwake komanso kugulitsa kachipangizo kowerengera masamu kamene asilikali ndi oyeza malo ankagwiritsa ntchito.

Ku Padua anafufuza kwambiri za mmene zinthu zimagwera. Masukulu a nthawiyo ankatsatira Aristotle, yemwe anaphunzitsa kuti chinthu cholemera chimagwa mofulumira kuposa chopepuka. Popeza kunalibe mawotchi otha kuyeza chinthu chimene chikugwa, Galileo ankagubuduza timipira pathabwa lopendekeka kuti liwiro lichepe, n'kumayeza nthawi ndi mtunda. Anapeza kuti nthawi ikawirikiza kawiri, mtunda umawirikiza kanayi, ndipo ikawirikiza katatu, mtunda umawirikiza ka 9. Anafika pa mfundo yoti pakanapanda mpweya, zinthu zonse zikanagwa mofanana. Nkhani yoti anaponya mipira kuchokera pansanja yopendekeka ya ku Pisa inalembedwa ndi wophunzira wake Vincenzo Viviani iye atamwalira kale, ndipo akatswiri ambiri a mbiri yakale amaikayikira.

Galileo sanakwatire, koma anabereka ana atatu ndi mayi wa ku Venice dzina lake Marina Gamba: Virginia mu 1600, Livia mu 1601 ndi Vincenzo mu 1606. Ana aakaziwo anawapereka kunyumba ya masisitere ya San Matteo ku Arcetri, komwe Virginia anatenga dzina loti Maria Celeste.

Zimene anaona ndi telesikopu

Galileo si amene anayambitsa telesikopu. Mu 1608 munthu wina wopanga mandala ku Netherlands, Hans Lipperhey, anali atapempha kale boma kuti limupatse umwini wa chipangizochi. Galileo atamva za chipangizochi mu 1609, anapanga chake n'kumachikonza posula yekha mandala. Choyamba chinkakulitsa zinthu katatu. Mu Ogasiti 1609 anaonetsa akuluakulu a boma la Venice china chokulitsa pafupifupi ka 8, ndipo anamukwezera malipiro. Pofika kumapeto kwa chakacho anali ndi chokulitsa ka 20.

Ataloza telesikopu kumwezi, anaona kuti uli ndi mapiri ndi maenje, pamene anthu ophunzira ankakhulupirira kuti zinthu zakumwamba n'zosalala ndiponso zopanda chilema. Anaonanso kuti mlalang'amba ndi nyenyezi zambirimbiri zimene diso palokha silingathe kuzisiyanitsa.

Pa 7 Januwale 1610 anaona tinyenyezi titatu pafupi ndi Jupiter, ndipo pa 13 Januwale anaona tinayi. Atationetsetsa usiku ndi usiku, anazindikira kuti tikuzungulira Jupiter. Umenewu unali umboni woti si zinthu zonse zakumwamba zimene zimazungulira dziko lapansi. Mu Malichi 1610 anatulutsa kabuku ka Chilatini kotchedwa Sidereus Nuncius, kutanthauza mthenga wa nyenyezi. Miyezi inayi ija anaitcha dzina la banja la Medici, lomwe linkalamulira Tuscany, ndipo chaka chomwecho Cosimo II de' Medici anamuitanira ku Florence kuti akhale katswiri wake wamkulu wa masamu ndi filosofi. Mayina amene miyeziyi imadziwika nawo masiku ano, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, anafalitsidwa ndi Simon Marius wa ku Germany.

Chakumapeto kwa 1610 anaona kuti Venus, imene ikaoneka m'bandakucha imatchedwa Nthanda, imasinthasintha maonekedwe ngati mwezi, kuyambira kachizenga mpaka kutsala pang'ono kukhala yathunthu. Zimenezi zinkatheka pokhapokha ngati Venus ikuzungulira dzuwa. Anafufuzanso mawanga a padzuwa, ndipo kayendedwe kake kanamusonyeza kuti dzuwa limatembenuka. Saturn anaiona ngati pulaneti lokhala ndi tizinthu tiwiri m'mbali, chifukwa telesikopu yake inalibe mphamvu zoonetsa mikombero yake.

Mkangano ndi mpingo

Mfundo yoti dziko limazungulira dzuwa inafalitsidwa ndi Nicolaus Copernicus mu 1543. Otsutsa ankati ikusemphana ndi Baibulo, makamaka nkhani ya m'buku la Yoswa yonena za kuima kwa dzuwa. Galileo, yemwe anali Mkatolika, analemba makalata mu 1613 ndi 1615 ofotokoza kuti Baibulo limalankhula mogwirizana ndi mmene anthu wamba amaonera zinthu, ndipo cholinga chake si kuphunzitsa kayendedwe ka nyenyezi. Makalatawa anakwiyitsa ena chifukwa nthawiyo mpingo sunkalola munthu wamba kumasulira Malemba mwa iye yekha.

Panalinso zifukwa za sayansi zimene ena ankakanira. Kusintha kwa maonekedwe a Venus kunkagwirizananso ndi chiphunzitso cha Tycho Brahe, choti mapulaneti amazungulira dzuwa koma dzuwalo limazungulira dziko. Komanso ngati dziko limayenda, nyenyezi zinayenera kuoneka ngati zikusuntha pang'ono m'kati mwa chaka, koma palibe anali ataonapo zimenezo. Kusunthako kunadzayezedwa mu 1838 ndi Friedrich Bessel.

Mu Febuluwale 1616 akatswiri a zaumulungu ku Rome anagamula kuti mfundo ya Copernicus ndi yotsutsana ndi Malemba, ndipo Kadinala Robert Bellarmine anachenjeza Galileo kuti aisiye. Mu 1623 mnzake wakale Maffeo Barberini anasankhidwa kukhala Papa Urban VIII. Galileo anaona kuti tsopano angathe kulemba za mbali zonse ziwiri, bola asanene kuti ya Copernicus ndi yotsimikizika.

Bukulo linatuluka mu 1632 ndi mutu woti Dialogo sopra i due massimi sistemi del mondo. Analilemba m'Chitaliyana kuti anthu ambiri awerenge, ndipo muli anthu atatu amene akukambirana. Woikira kumbuyo Aristotle, dzina lake Simplicio, amagonja pafupifupi paliponse, ndipo mfundo imene Papa ankaikonda inaikidwa m'kamwa mwa iyeyo. Papa anakhumudwa kwambiri. Umboni umene Galileo ankaudalira m'bukuli, woti kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja zamchere kumachitika chifukwa cha kuyenda kwa dziko, unali wolakwika. Madziwo amakokedwa makamaka ndi mwezi, mfundo imene Johannes Kepler anali atanena koma Galileo anaikana.

Mlandu ndi zaka zomaliza

Galileo anaitanidwa ku Rome kukaonekera kukhoti la mpingo lotchedwa Inquisition, ndipo anayamba kufunsidwa mu Epulo 1633. Mlandu unagona pa chenjezo la 1616 lija. Pa 22 Juni 1633, ali ndi zaka 69, anamupeza kuti akuganiziridwa kwambiri za mpatuko, ndipo anamulamula kuti agwade n'kukana poyera zimene ankaphunzitsa. Buku lake linaletsedwa. Nkhani yoti atadzuka anang'ung'udza kuti dziko likuyendabe inayamba kusindikizidwa patapita zaka zoposa 100.

Chilango cha ndende chinasinthidwa kukhala ukaidi wapanyumba. Anakhala miyezi ingapo kwa Bishopu wamkulu wa ku Siena, kenako anabwerera kunyumba yake ku Arcetri, pafupi ndi ana ake. Maria Celeste, amene ankamulembera makalata ndi kumusamalira zapakhomo pa nthawi ya mlandu, anamwalira mu Epulo 1634. Galileo anabwerera ku kafukufuku wake wakale wa kayendedwe ka zinthu ndi kulimba kwa zomangira, n'kulemba buku lonena za nthambi ziwiri zatsopano za sayansi. Popeza sakanatha kulisindikiza ku Italy, linatuluka ku Leiden, ku Netherlands, mu 1638. Pofika chaka chimenecho anali atachita khungu. Anamwalira pa 8 Januwale 1642 ali ndi zaka 77.

Poyamba anaikidwa m'kachipinda kam'mbali m'tchalitchi cha Santa Croce ku Florence, chifukwa akuluakulu a mpingo anakana kuti amumangire chiliza. Mu 1737 mafupa ake anasamutsidwira m'manda aulemu m'kati mwa tchalitchicho. Buku lake loletsedwa lija linachotsedwa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa mu 1835, ndipo pa 31 Okutobala 1992 Papa John Paul II anavomereza kuti akatswiri a zaumulungu a nthawi ya Galileo analakwitsa.

Ntchito yake ndi maulendo a m'mlengalenga

Mu 1971 David Scott wa chombo cha Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga ali pamwezi, pomwe palibe mpweya, ndipo zonse zinafika pansi nthawi imodzi monga Galileo ananenera.

Bungwe la NASA linatcha chombo chake china dzina loti Galileo. Chinanyamuka mu Okutobala 1989, n'kufika ku Jupiter mu Disembala 1995. Chinapeza umboni woti pansi pa madzi oundana amene akuta Europa pali nyanja ya madzi amchere. Mu Sepitembala 2003 anachigwetsera dala mu Jupiter, poopa kuti chingadzagwere pa Europa n'kusiyapo tizilombo tochokera padziko lapansi. Masetilaiti a European Union othandiza kudziwa malo amene munthu ali amatchedwanso Galileo.

Masiku ano Jupiter imadziwika kuti ili ndi miyezi yoposa 90, koma inayi imene Galileo anaona ndi imene asayansi akuifufuza kwambiri. Chombo cha JUICE cha bungwe la European Space Agency chinanyamuka pa 14 Epulo 2023, ndipo chikuyembekezeka kufika mu Julayi 2031 kukafufuza Ganymede, Callisto ndi Europa. Chombo cha Europa Clipper cha NASA chinanyamuka pa 14 Okutobala 2024, ndipo chikuyembekezeka kufika mu Epulo 2030. Ntchito yake ndi yofufuza ngati nyanja ya pa Europa ili ndi zinthu zofunika kuti zamoyo zikhalemo.